Tenti ya ku Moatize inadya mbuzi zitatu

Kumudzi kwina kufupi ndi Zóbuè, kuseri kwa phiri kumene wailesi ya ku Malawi imamveka bwino kuposa ya ku Tete, kuli mkulu wina amene anthu sanaleke kumunena chifukwa cha mbuzi zitatu. Mbuzizo anazigulitsa mu November chaka cha 2021, koma ndalama zake sanagulire feteleza kapena malata monga achitira anthu ena. Iye anatsikira ku Moatize nakagula tenti yakale, yazigamba, yolemera moti mwamuna mmodzi sangaisenze payekha. Ena ankati ukalamba wayamba kumuzunguza mutu. Ena ankati akungofuna kudzionetsa kuti anagwirapo ntchito kwa azungu.

Chinayambitsa zonsezi ndi nguluwe. Minda ya pafupi ndi mudziwo inaguga kalekale, ndiye mabanja ambiri anakatsegula minda ina kumunsi, ulendo wa maola awiri wapansi, m'mbali mwa kamtsinje kena. Nthaka ya kumeneko ndi yabwino ndithu, koma ili ndi eni ake. Usana kumabwera anyani, usiku nguluwe, ndipo aliyense amene analimapo chinangwa akudziwa kuti nguluwe zikalowa m'munda usiku umodzi wokha, m'mawa mwake mwini munda amangogwira pakamwa. Mankhwala ake ndi omwe aja a makolo: amuna azikagona komweko ndi agalu, mikondo ndi zitini zogogoda, kuyambira mbewu zikamera mpaka kukolola.

Kale zimenezi sizinkavuta. Amuna ankadula mitengo, kusenda luzi, kumweta tsekera, ndipo dzuwa lisanalowe msasa unkakhala utatha. Lero mitengo yowongoka inalowa m'matumba a makala omwe amandandalikidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Tete, ndipo udzu wabwino umapsa mu August anyamata akamasaka mbewa. Chaka cha m'mbuyo mwake amunawo anafolera msasa wawo ndi udzu wosakhwima. Unkadontha ngati dengu. Mmodzi anadwala malungo nabwerera kumudzi, wina anati akukaona mwana, wina anangosowa osatsanzika, ndipo pofika mu March nguluwe zinkakolola popanda wozifunsa.

Ndiye mfumu inaitanitsa msonkhano. Kaamba koti kuyambira December mpaka March ndi nyengo imene boma la Mozambique limaletsa kusaka, mfumuyo inayamba yakaonekera ku ofesi ya boma pa Zóbuè. Lamulo la za nkhalango ndi nyama zakutchire la mu 1999 linkalola kupha nyama poteteza anthu ndi katundu wawo ngati yakanika kuthamangitsidwa, koma anthu a m'mudzi ankayenera kukhala ndi chilolezo. Amene akuganiza zongonyamula mkondo nkumapita aziganizirapo bwino, poti chilango cha kupha nyama zotetezedwa chinakwera kwambiri ndi malamulo a mu 2014 ndi 2017. Zitatheka zimenezo, anthu anasankha mkulu uja kuti atsogolere gululo chifukwa ndiye amadziwa kulondola mapazi a nyama. Iye anavomera, koma anati sakagonanso mu msasa wodontha, ndipo popeza panalibe wofuna kusonkha, anati agula tenti ndi chuma chake.

Usiku umenewo mkazi wake anangonena mawu ochepa.

"Abambo, mbuzi ndi zanu, gulitsani. Koma lona la pulasitiki musabwere nalo pakhomo pano."

Mkuluyo sanafunse chifukwa chake. Banjali linathawira ku Mwanza mu 1986 nkhondo itafika povuta, limodzi ndi anthu ena ambirimbiri, poti pofika 1992 dziko la Malawi linali likusunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Miyezi yoyambirira, asanaumbe kanyumba kawo, denga lawo linali lona la pulasitiki lolandira. Linawapulumutsa, zimenezo palibe angakane. Koma masana munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo usiku mpweya wa anthu ogona unkasanduka madzi kunsi kwa lonalo, kenaka nkumagwera pa zofunda kunja kulibe ndi mtambo womwe. Mphepo ikaomba linkalira osalola munthu kugona. Mwana wawo wachiwiri anayamba kutsokomola mmenemo, ndipo pamene ankabwerera kwawo mu 1994, mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, mwanayo anatsala komweko. Mu 2016 mayiyo anapita ku Kapise, ku Mwanza komweko, kukaona abale ake a ku Nkondedzi omwe anathawanso, asanawasamutsire ku Luwani m'boma la Neno. Anapeza malona omwe aja, fungo lomwe lija, ndipo atabwerako anakhala masiku angapo wosafuna kuyankhula.

Za kwa azungu zija anthu sankanama. Atabwerako ku Malawi, mkuluyu anagwirako ntchito zaka zingapo pa msasa wa alenje olipira ndalama m'boma la Mágoè, kumene mu 1994 kunayambika ndondomeko ya Tchuma Tchato yoti midzi izilandirako gawo la ndalama zochokera ku usaki. Mbali ina ya dera limenelo inasanduka malo otetezedwa a Parque Nacional de Mágoè mu 2013. Ntchito yake kumeneko inali kudzutsa matenti nyengo ya usaki ikamayamba, kuwasamalira, ndi kuwapinda mvula ikayandikira. Ndiye kuti pa nkhani ya matenti sanali mlendo.

Anapita ku Moatize ndi mwana wa mlongo wake, mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene amachita malonda osintha ndalama pachipata. Malona sasowa pa Zóbuè pomwepo, chifukwa madalaivala a malole omwe amadikira pamalire amagulitsako akale, ndipo mnyamatayo anafunsa chifukwa chotayira ndalama ya chapa.

"Amalume, si ili lona? Mvula singalowe olo itagwa sabata yathunthu."

"Silidontha, nzoona," anatero mkuluyo, "koma linapangidwira matumba a simenti. Simenti sipuma."

Anagulako kachidutswa kokha koti akayale pansi. Anthu amangoti lona, lona, ngati kuti nchinthu chimodzi, chonsecho pali la pulasitiki, pali la malole lokutidwa ndi mphira, ndiye palinso la nsalu ya thonje yokhuthala. Mkuluyu ankafuna lachitatuli.

Kuchokera pa Zóbuè kukafika ku Moatize ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ulendo wonsewo munthu amamva kutentha kukukwera pamene msewu ukutsika. Mu November kumeneko dzuwa limapitirira madigiri 40. Tauniyi inakula ndi malasha, makamaka kampani ya Vale itayamba kukumba mu 2011 (mgodiwo unagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022). Zaka za kufufuza miyala zija, makampani osiyanasiyana ankamanga misasa m'tchire monsemo, ndipo ntchito zitatha katundu wina wakale anayamba kupezeka m'misika: majombo, zipewa zolimba, migolo, mabedi opinda, ndi matenti amene.

Mnyamata uja maso ake anagwera pa tenti ina yatsopano, yobiriwira mowala, yopepuka ngati chikwama cha mwana wa sukulu, ya zipi ndi timitengo topinda. Mtengo wake sunkafika ndi mbuzi imodzi yomwe. Wogulitsa anaidzutsa pomwepo mosavuta, anthu nkumaonerera. Mkuluyo sanatsutse. Anangouza mnyamatayo kuti alowemo atseke zipi, iye nakakhala pamthunzi. Sipanapite nthawi mnyamata anatuluka malaya ali chonyowa.

"Tsopano uganize kuti muli anthu asanu ndi mmodzi, wina akudwala malungo," anatero amalume akewo. "Uganizenso kuti kunja kuli moto, ndipo kamoto kamodzi kathethekera pamwamba pake."

Nsalu ya nayiloni imasungunuka ikakhudzana ndi moto, dzuwa la kuno limaifoola msanga, ndipo zipi ikafa kutchire palibe telala. Matenti amenewo ndi abwino kwa munthu woyenda amene akugona pano lero, mawa kwina. Koma msasa wa miyezi itatu ndi nyumba.

Imene ankafuna anakaipeza kuseri kwa msika, kwa bambo wina wogulitsa zitsulo zakale, itapindidwa pansi pa matayala. Inali yotuwa, ya makoma oima moti munthu nkuyendamo choimirira, mazenera ake a gozi atang'ambika, mizati yake itasowa. Apa mpamene mkuluyu anataya maola awiri, ndipo amene akufuna kudzagula tenti yakale amvetsere bwino.

Poyamba anaifunyulula yonse nainunkhiza. Nsalu ya thonje ikapindidwa yonyowa imachita chuku, ndipo chuku chimadya ulusi ngakhale pamaso ikuoneka yabwino. Fungo silinama. Kenaka anauza mnyamata uja ndi ana ena awiri kuti aikweze m'mwamba, iye nalowa kunsi kuyang'ana kudzuwa. Timabowo tochepa apa ndi apo sitinamudetse nkhawa, koma ankafunafuna malo amene kuwala kukulowa ngati pa sefa, poti pamenepo ndiye kuti nsalu yatha. Anatsata mizere yonse ya mopindidwa, akukanda ndi chikhadabo ndi kukoka ndi manja awiri, chifukwa nsalu yofuka imayambira mmenemo kung'ambika, ndipo imang'ambika mosalira, ngati pepala lonyowa. Anayang'ana misoko ya pamwamba, m'makona, ndi timphete tomangapo zingwe, kumene mphamvu yonse ya mphepo imathera. Mmunsi mwake chiswe chinali chitadyako mbali imodzi. Pomaliza anapanga kachithaphwi pansaluyo, nathirapo madzi a m'botolo lake lakumwa, nakhala pansi kumadikira.

Wogulitsayo, munthu woyankhula Chinyungwe, anatopa nazo.

"Madala, mukugula kapena mukuombeza?"

"Ndikuombeza, achimwene. Ndikufuna ndidziwe ngati ndidzafere mmenemu."

Madziwo anakhala kanthawi, kenaka anayamba kulowa pang'onopang'ono, ndipo mnyamata uja anaseka poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mkuluyo anakondwa. Ulusi wa thonje ukamwa madzi umafufuma nkutseka timipata ta pakati pake, motero nsalu imene yakhala youma zaka zambiri imayamba yalola madzi, kenaka nkumakana. Kukauma timipata tija timatsegukanso, mpweya nkumadutsa. Nchifukwa chake tenti ya nsalu situluka thukuta usiku monga lichitira lona la pulasitiki, ndipo masana munthu angathe kugonamo. Kuipa kwake nkulemera, chuku ndi chiswe. Mtengonso ndi wowawa: anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndalama za mbuzi zitatu zija zinatsala zongokwanira ulendo. Kondakitala wa chapa naye anati tentiyo ilipire ngati anthu awiri.

Kumudzi anthu anaseka zenizeni tsiku limene mkuluyu anaidzutsa pabwalo la nyumba yake, dzuwa lili phwee, nauza adzukulu kuti azitunga madzi nkumaithira. Anaithira, inauma, anaithiranso, mpaka katatu. Amayi opita kudambo ankaima nkumafunsana kuti kodi munthu amasambitsa nyumba? Telala wa pamsika anayesa kusoka zigamba koma anathyola masingano awiri nabweza ntchitoyo, ndiye mkuluyu anasoka yekha ndi singano ya matumba, ulusi wake akuupaka phula la njuchi kuti madzi asamatsate msoko. M'mazenera anasokeramo zidutswa za neti yakale ya udzudzu. Mizati anadula ya nsungwi zokhwima, zikhomo anasema yekha, zingwe anapota za khonje. Mkazi wake ankadutsa pambali ndi ndowa yake osayang'anako.

Anasamukira kumunsi kuja kumayambiriro kwa January, amuna asanu ndi mmodzi ndi agalu anayi, tentiyo atailowetsa pamtengo anthu awiri nkumasinthana. Pofika anakanganako za malo. Anyamata ankafuna pansi pa mkuyu waukulu m'mbali mwa kamtsinje, pamthunzi, pafupi ndi madzi. Mkuluyo anakana. Anati mkuyu ndi msika wa anyani, ndiponso mtsinje wa kunsi kwa mapiri umadzaza ndi mvula imene yagwa kwina, usiku, anthu ali mtulo. Anasankha pakamtunda, mtunda wotopetsa kwa wotunga madzi, nalozetsa khomo kumbali yosachokera mphepo. Anakumba ngalande kuzungulira, anathira phulusa m'mphepete monse chifukwa cha chiswe, nayala kachidutswa ka lona la lole kaja pansi. Analamula zinthu ziwiri: moto uzikhala patali, ndipo mvula ikamagwa wina asatsamire kapena kukhudza nsalu, chifukwa pamene pakhudzidwa mpamene madzi amapeza njira.

Masabata atatu oyamba anayenda bwino. Kenaka pa 24 ndi 25 January 2022 kunabwera namondwe wa Ana. Owerenga akukumbukira okha. Ndi mvula ija inagwetsa mlatho wa pa Revúboè pakati pa Moatize ndi Tete, inaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Malawi, ndi kukokolola minda ndi nyumba mbali zonse ziwiri za malire. Amuna aja inawapeza ali mu tenti.

Nsalu inagwira. Mvula inkamenya ngati ikuponyedwa ndi mafosholo, koma mkati munkangogwa kafumbi ka madzi kosanyowetsa bulangete, kupatula pakona pamene mnyamata uja anatsamiritsa mutu ali mtulo. Chimene chinalephera ndi mkulu mwini wakeyo. Chingwe cha khonje chikanyowa chimafupika, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe kuti mvula ikayamba zingwe zimafunika kuzimasulako pang'ono. Ku Mágoè ankadzuka pakati pa usiku kukachita zimenezo pa matenti a alendo. Koma tsiku limenelo anali atatopa, anati achita kukacha, ndipo tulo tinamuba. Zingwe zinakungika, nthaka inafewa, zikhomo za mbali ya kumphepo zinazuka chimodzichimodzi, ndipo cha m'ma 2 koloko usiku mtanda wa pamwamba unathyoka. Theka la tenti linagwera anthu, lolemera ndi madzi ngati ng'ombe yakufa.

Mumdimamo agalu akulira, amunawo anachirikiza denga ndi mikondo yawo, nsonga zitaloza pansi, awiri atagwira, ena atatuluka kukamanga zingwe ku zitsa ndi ku miyala. Anakhala choncho mpaka kucha, akusinthana, palibe woyankhula zambiri. Kutayera anayang'ana kumunsi. Pa mkuyu paja pankangooneka nthambi zokha, madzi ofiira akudutsa ndi mitengo ndi mapesi. Mnyamata uja anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita kukafuna nsungwi ina ya mtanda. Za zingwe zija sanawanenepo amalume ake, ndipo za mkuyu amalume akewo sanamunenepo.

Kodi mbuzi zitatu zija zinabwerera? Zimatengera wowerengera. Chinangwa cha m'munsi chinapita ndi madzi, ndipo pamenepo tenti ilibe mlandu kapena thandizo. Nguluwe anapha ziwiri zokha nyengo yonseyo, nakanena kwa mfumu monga mwa pangano. Koma chimanga cha kumtunda chinafika m'nkhokwe, chifukwa kwa nthawi yoyamba pa zaka zingapo amuna onse anakhala mpaka mu April, popanda wothawa. Mmodzi anadwaladi malungo, koma anagona pouma masiku awiri mpaka anzake anamuperekeza kuchipatala, ndipo atachira anabwereranso. Munthu amene wagona bwino usana amatha kuchezera usiku ndi chitini m'manja. Amene amanena za mbuzi aja zimenezi saziwerengera.

Tsiku losamuka panachitikanso china. Anyamata anali ndi changu chofuna kukafika kumudzi, ndiye anaipinda mmamawa mame asanaume, mkuluyo atapita kukaona misampha. Patatha masabata awiri anamva kafungo kuchokera kudenga kumene anaipachika, ndipo ataifunyulula anapeza madontho akuda mbali yonse ya khomo. Akuti mawu amene anayankhula tsiku limenelo anamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Anaikwecha ndi burashi ndi madzi a mchere naiyanika masiku atatu. Chuku chinafa koma madonthowo alipobe.

Chimene mkuluyu sanachiganizire pogula nchakuti tenti imakhala kumunda miyezi itatu yokha, ndipo miyezi inayo mudzi umaidziwa kumene ili. Inayamba kubwerekedwa pa maliro, kenaka pa chinkhoswe, kenaka pa misonkhano ya mpingo. Iye sakaniza ndipo salipiritsa, koma amapita nayo yekha, amaidzutsa yekha, ndipo ikanyowa imakhala pomwepo choimirira mpaka itauma, kaya eni bwalo akufuna kusesa kaya ayi. Omwe ankamuseka aja ena mwa iwo anakhalamo kale pothawa dzuwa.

Mkazi wake anatha chaka chathunthu asanalowemo. Analowa pa maliro a mlamu wake mu 2023, mvula itagwa mwadzidzidzi usiku wa kuchezera, amayi onse nkuthamangiramo. Anakhala pakona mpaka mbandakucha, anthu ali thithithi, nyimbo zikuimbidwa. Kutatsala pang'ono kucha, amene anakhala naye pafupi anamuona akukweza dzanja nkusisita denga ndi chikhatho, kenaka nkuyang'ana m'manja mwake. Mwamuna wake akanaona akanakalipa, poti lamulo lija ndi la aliyense. Mayiyo sananene kanthu, anangokonza chitenje chake napitiriza kuimba.

Koma mbuzi zija sanaziiwale. Mpaka lero pakhomopo ndiwo zikakhala za masamba okhaokha masiku atatu otsatizana, mkuluyo nkuyerekeza kudandaula, mayiyo amamuyankha osatembenuka:

"Abambo, nyama yanu ili kudenga uko. Tsitsani mudye."